Nyumba ya Makolo, Thukuta la Mpongozi

Munthu akagwira ntchito zaka 30 m'boma kapena pakampani, tsiku lopuma amalandira mtolo wa ndalama umene sadzauonanso moyo wake wonse. Ambiri amathamangira nawo ku puloti: ku Area 49 kapena ku Njewa mu Lilongwe, ku Chileka kapena ku Machinjiri mu Blantyre, ku Luwinga mu Mzuzu. Ena mwa iwo nyumba yawoyawo anamanga kale, ndipo iyi akumangira mwana amene wangolowa m'banja kapena watsala pang'ono kulowa, kuti asayambe moyo ndi kulimbana ndi alandilodi. Koma pofika polemba mapepala dzanja limayamba kulemera. Tilembe dzina la yani? Banjali likadzatha, mwana wa eni uja adzatenge theka la thukuta lathu n'kukadyera ndi mwamuna wina kapena mkazi wina? Funsoli amalifunsa motsitsa mawu, kwa loya kapena kwa m'bale wodziwa zamalamulo, chifukwa mumtima amamva ngati akulodza banja la mwana wawo. Ine ndikuona kuti manyazi awo ali pamalo olakwika. Kutchinjiriza chimene wapereka si tchimo. Tchimo limayambira pamene kutchinjirizako kwachitika mobisa, ndiponso pamene mpanda wakuzidwa mpaka kutsekera m'kati zinthu zimene mpongozi wakhetsera thukuta.

Tiyambe tawamvera makolowo, pakuti mlandu wawo si wopepuka, ndipo maganizo awo sanabwere ndi maloya. Mwambo wa chikamwini pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe unakonzedwa kuti munda, dimba ndi bwalo la mudzi zisachoke m'manja mwa mbumba. Mkamwini amalima, amamanga nyumba, amabereka ana, koma banja likatha amanyamula zovala zake n'kubwerera kwawo, nthaka n'kutsala ndi eni ake. Kumene kuli malowolo, monga kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena a kuchigwa cha Shire, wochoka ndi mkazi. Miyambo iwiriyi imasemphana pa zambiri, koma pa mfundo imodzi ndi yogwirizana: malo a makolo sayenda ndi chisudzulo. Baibulo nalo likudziwa nkhawa yomweyi. Pa Numeri 27 ana aakazi asanu a Zelofehadi apatsidwa cholowa cha bambo awo amene anamwalira opanda mwana wamwamuna, koma pofika pa mutu 36 akuluakulu a fuko la Manase adandaula kuti atsikanawo akakwatiwa kunja, malowo adzapita ku fuko lina. Chigamulo n'chakuti akwatiwe ndi amene amukonda, malinga akhale wa fuko la bambo awo. Kholo lamakono limene likuzengereza polemba dzina pa chikalata cha puloti likuchita ndi cholembera zimene akale ankachita ndi mwambo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'tauni mulibe mbumba yotchinga malowo, muli pepala lokha.

Wotsutsa woyamba amachokera kutchalitchi, ndipo mawu ake ndi olemera. Amati Genesis 2:24 akuphunzitsa kuti okwatirana amasanduka thupi limodzi, ndiye thupi limodzilo lingakhale bwanji ndi chako ndi changa? Amatinso kukonzekera chisudzulo ukwati usanayambe n'kuvomereza kale kuti malumbiro a paguwa ndi ongokwaniritsa mwambo. Mpingo wa Katolika umaiona nkhaniyi mozama kotero kuti m'malamulo ake, munthu amene wamanga ukwati atatsimikiza kale mumtima kuti adzaumasula akadzafuna amatengedwa kuti sanamange ukwati n'komwe. Koma taonani amene analumbira. Ndi awiri aja anaima kutsogolo; makolo anakhala pabenchi n'kumaomba m'manja. Iwo sanalonjeze mpongozi kanthu, ndipo akanatha kusagula nyumbayo n'komwe popanda wowaimba mlandu. Munthu amene ali ndi ufulu wosapereka chilichonse sangalandidwe ufulu wopereka kwa mwana wake yekha. Kunena kuti kulemba zimenezi kumaitana chisudzulo n'chimodzimodzi ndi mantha aja amene amalepheretsa anthu ambiri kulemba wilo poopa kuitana imfa. Imfayo imabwerabe, n'kupeza ana ali m'manja mwa achibale olanda chuma. Mabanja akutha m'mabwalo a majisitireti tsiku ndi tsiku, a anthu opemphera ndi osapemphera omwe, ndipo kholo limene likuona zimenezi silinachimwe poziganizira.

Komabe vesi lomwelo lili ndi mbali ina imene imawaluma makolo kuposa ya thupi limodzi, ndiyo yakuti wokwatira amasiya bambo ndi mayi ake. Amene wasunga mapepala a nyumba m'sutikesi mwake wasunganso mawu m'banjamo. Pakabuka mkangano, mtengwa amadziwa kuti akukangana ali pabwalo la eni, ndipo mwana wa eniwo amadziwanso. Ngakhale asatchule, mawu akuti "utuluke m'nyumba ya bambo anga" amakhala ali pafupi ndi lilime. Mkazi womenyedwa amene alibe kolowera amapirira zimene sakanapirira. Mwamuna wokhala m'nyumba ya apongozi ake m'tauni naye amadziwa kuti mawu ake m'nyumbamo ali ndi malire. Choncho ngati chipembedzo chili ndi chonena pa nkhaniyi, chonenacho chikukhudza mphamvu imene mapepala amapereka kwa mbali imodzi banja likadalipo, pasanafike n'komwe chisudzulo chimene mwina sichidzabwera.

Tsono chimene makolo anapereka si chimene chimadzapezeka pa tsiku logawana katundu. Kawirikawiri ndalama za penshoni zimathera pa makoma ndi malata. Achinyamatawo amalowa m'nyumba yopanda siling'i, yopanda mpanda, mwina yopanda ngakhale madzi, ndipo zaka 15 zotsatira zimathera pa kuimaliza: kukoka magetsi a ESCOM, kuika matailosi, kumanga geti, kuwonjezera timanyumba ta lendi kuseri. Ndalama zina zimachokera ku ngongole imene mkazi anatenga ku SACCO ya kuntchito kwake kapena ku banki m'khonde. Zina sizioneka n'komwe: malipiro a mmodzi amagula ufa ndi ndiwo ndi kulipira fizi kuti malipiro a mnzake apite ku simenti, ndipo wina amasiya ntchito kuti alere ana ndi kudwazika apongozi omwewo. Koma chimene mpongozi amataya kwambiri ndi chimene sanachite. Pokhulupirira kuti pokhala ali napo, sanagule puloti yakeyake pamene mitengo inali yofikirika ndipo mphamvu zinali zikadalipo. Akamadzauzidwa ali ndi zaka 50 kuti nyumbayo sinali yake, zaka zimene akanamangira yake zapita, ndipo palibe bwalo limene lingamubwezere zakazo.

Malamulo a dziko lino anaiona kale mfundoyi, ngakhale sanaimalize. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko, amene anakhazikitsidwa mu 1994, limati banja likatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake. Mu 2017 bwalo la Supreme Court linagamula kuti kungokhala pabanja sikusandutsa katundu aliyense kukhala wa onse awiri. Oweruza ayenera kuona cholinga cha eni ake ndi zimene aliyense anaikapo. Apa makolo angapume, pakuti mphatso yolembedwa momveka kuti ndi ya mwana wawo yekha ili ndi poimira. Koma lamulo la maukwati, zisudzulo ndi ubale wa m'banja la 2015, pa gawo 74, limalamula mabwalo kugawa katundu mwachilungamo poganizira, mwa zina, zosowa za aliyense, msinkhu ndi thanzi lake, komanso zimene anathandizira mwachindunji kapena mwa njira zina, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Mu 2020 bwalo la High Court ku Blantyre linafika ponena kuti mayi amene anasamalira banja pamene mwamuna wake ankachita maphunziro apamwamba, kenako n'kusiyidwa, ayenera kulipidwa chifukwa cha zimene anaika pa maphunzirowo. Ngati thukuta la mkazi likuwerengedwa pa satifiketi imene ili m'dzina la mwamuna yekha, n'kovuta kunena kuti lisawerengedwe pa nyumba imene mkaziyo anaiikira matailosi. Vuto n'lakuti bwalo limagawa za okwatiranawo, ndipo nyumba imene yatsala m'dzina la kholo ili kunja kwa zogawidwa. Mpongozi angayese kuonetsa zimene anawonjezera, koma ndani amasunga malisiti a simenti zaka 15 m'banja limene akulikhulupirira? N'chifukwa chake njira yosunga dzina la kholo ndiyo yotchinga kwambiri pamaso pa lamulo, ndipo ndi yomweyonso yosavuta kulakwira nayo munthu.

Ndiye taganizirani zimene zimachitika pa madyerero a ukwati. Nthawi ya perekaniperekani woyendetsa mwambo alengeza kuti makolo a mkwati apereka nyumba kwa banja latsopanoli, nthungululu zimveka holo yonse, makiyi aperekedwa pamaso pa akuchikazi onse. Mapepala atsala kunyumba, m'dzina la bambo. Makolo otere adya kawiri: alandira ulemu wa munthu wopatsa, asunganso chitetezo cha mwini katundu, ndipo wolipira zonsezi ndi mwana wa eni amene adzagwira ntchito zaka zambiri pa chinthu chimene anauzidwa pagulu kuti ndi chake. Choipa kuposa apa ndi kalata ya ngongole yolembedwa banja litayamba kale kugwedezeka, n'kuikidwa deti lakale, yonena kuti ndalama zija makolo anangobwereketsa. Umenewu ndi umboni wonama, ndipo Mkhristu ndi Msilamu yemwe safunika loya kuti amuuze dzina la tchimolo. Ena amadzikhululukira ndi mwambi wakuti kupatsa n'kuika. Koma akale ponena zimenezi ankatanthauza kuti zabwino zimene wachitira munthu zidzakubwerera kudzera mu mtima wake. Sankanena za munthu wolengeza kuti wapereka chinthu chimene sanachitaye m'manja.

Dziko la China linayesa njira ya makolo mokwanira, ndipo zimene zinatsatira n'zoyenera kuziona. Kumeneko mwambo umayembekezera kuti akuchimuna ndiwo agule nyumba, ndipo makolo ambiri, okhala ndi mwana mmodzi yekha chifukwa cha lamulo limene linagwira ntchito kuyambira cha mu 1980 mpaka 2015, amathira ndalama za moyo wawo wonse pa fulati ya mwanayo. Mu Ogasiti 2011 bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linatanthauzira lamulo la ukwati kuti nyumba yogulidwa ndi makolo a mbali imodzi ukwati utachitika kale, n'kulembedwa m'dzina la mwana wawo, ndi ya mwanayo yekha. Pomva, chigamulocho chinali cholungama: wolipira ndiye mwini. Koma akuchikazi nawo ankalipira, kungoti ndalama zawo zinkapita ku mipando, zokongoletsa m'nyumba ndi galimoto, zinthu zimene zimatsika mtengo chaka ndi chaka pamene fulati ikukwera. Akazi ambiri anayamba kuumiriza kuti maina awo awonjezedwe pa zikalata, ndipo nkhani imene inkayembekezera tsiku la chisudzulo inalowa m'mabanja amtendere. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2025 bwalo lomwelo linafewetsa mfundoyo: nyumba ingapite kwa mwana wa amene anailipira, koma oweruza aganizire nthawi imene awiriwo akhala limodzi, ana amene abereka, amene walakwitsa banja ndi zimene winayo anathandizira, kuti aone ngati ayenera kulipidwa. Dziko limene linaima kwathunthu ku mbali ya makolo linabwerera pang'ono patatha zaka 13 ndi miyezi ingapo, litaona kuti chikalata chimanena za tsiku logula nyumba lokha, osati za zaka zokhalamo.

Pa zonsezi ndikuona kuti chimene chimayeretsa kapena kudetsa mpanda wa makolo ndi nthawi imene mpongozi anaudziwa. Akauzidwa asanalowe m'nyumbamo kuti puloti ndi makoma awa ndi mphatso kwa mnzake yekha, ali ndi mwayi wosankha: kuikapo ndalama zake atalemberana za gawo lake, kusunga malisiti, kapena kukakamira kuti awiriwo agulenso malo ena m'maina onse awiri. Munthu wodziwa sanaberedwe. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri akukhala ndi kukwatirana, okwatirana popanda mgwirizano wapadera amaphatikiza katundu wawo yense kukhala wa onse awiri. Ofuna zosiyana amasainirana mgwirizano ukwati usanachitike, pamaso pa loya wovomerezeka, n'kukaulembetsa ku ofesi ya boma yosunga zikalata. Pansi pa lamulo la 1984 ambiri amasankha dongosolo limene limapatula mphatso ndi cholowa, koma n'kugawanitsa chuma chimene chawonjezeka banja lili pamodzi. Dongosololi lili ndi zofooka zake, koma lili ndi ubwino umodzi umene mapepala a m'sutikesi alibe: onse awiri anasaina akuona.

Wina anena kuti kulankhula poyera kotereku n'kuthira mchenga m'nsima ya ukwati. Mpongozi akadziwa kuti nyumba si yake sadzaiikira mtima. Adzayamba kubisa ndalama, n'kumamanga kwawo mwakachetechete. Izi n'zoona, ndipo chikamwini chinatiphunzitsa kale. Ndani sanamvepo dandaulo lakuti mkamwini amazengereza kubzala mitengo kapena kufolera malata pamudzi wa mkazi wake, chifukwa akudziwa kuti tsiku lina adzazisiya? Koma dandauloli likutsimikiza mfundo yanga. Makolo obisa amabisa chifukwa akufuna kuti mpongozi agwire ntchito ngati mwini, pamene iwo akudziwa kuti ndi mlendo. Akufuna khama limene limabwera ndi umwini popanda kupereka umwiniwo. Ngati choonadi chingachepetse khama la mpongozi, ndiye kuti khamalo linkagulidwa ndi bodza, ndipo mtengo wa choonadicho ayenera kuusenza ndi amene asankha kumanga mpanda. Chikamwini, ndi nkhanza zake zonse, sichinkanamiza munthu. Mkamwini ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti nthaka si yake, ndipo anali ndi kwawo kumene iye anali mwini mbumba, wolamulira malo a alongo ake. Mtengwa wa m'tauni amene wasiya kwawo zaka 20 zapitazo, malo a kumudzi atagawidwa kale iye kulibe, alibe kumbuyo koteroko.

Kutsutsa kwina kumene ndikukupatsa ulemu n'kwakuti alipo anthu olowa m'banja pofuna kudyera mnzawo masuku pamutu. Alipodi, amuna ndi akazi omwe, ndipo makolo amene akwatitsa mwana wamkazi wokhala ndi nyumba amaopa mkamwini wotere monga mmene enawo amaopera mtengwa. Banja likatha patangopita zaka ziwiri, popanda mwana, popanda chowonjezedwa, sindikuona chilungamo chilichonse chopatsa wochokayo theka la penshoni ya munthu wina. Apa ufulu wa makolo ndi wathunthu. Koma ufuluwu sukhala wofanana mpaka kalekale. Chaka chilichonse chimene banja lakhala m'nyumbamo, kubereka, kudwala, kulira maliro ndi kukonza denga lodontha, gawo la makolo pa chimene nyumbayo yasanduka limacheperachepera, ngakhale dzina pa chikalata lisasinthe. Chimene angaumirire popanda manyazi ndi chimene anaikapo: puloti ndi makoma, pa mtengo wake wa lero, popeza kwacha ya tsiku logula si kwacha ya tsiku logawana. Zimene zakwera pamwamba pake ndi za awiriwo. Ndiye pali adzukulu, amene makolo ambiri amawaiwala poteteza magazi awo. Nthawi zambiri ana aang'ono amatsala ndi mayi awo banja likatha. Agogo amene atulutsa mtengwa m'nyumba atulutsanso adzukulu awo, n'kuwatumiza ku chipinda cha lendi kuti nyumba ikhale ya mwana wawo ndi mkazi wake watsopano. Ngati chifukwa chomangira mpanda chinali chakuti chibale n'fupa, anawo ndi fupa lomwelo.

Palinso msampha umene osunga dzina lawo pa chikalata saukumbukira, poti maso awo ali pa chisudzulo chokha. Kholo likamwalira lisanalembe wilo, nyumbayo imalowa m'chuma cha masiye, ndipo lamulo la dziko lino la 2011 limagawa chumacho pakati pa mkazi kapena mwamuna wotsala, ana onse, kuphatikizapo obadwa kunja kwa banja, ndi ena amene ankadalira womwalirayo. Nyumba imene inatchingidwa kuti mpongozi asaikhudze imakathera m'mikangano ya pachibale, mwana amene anamangiridwayo n'kukhala mmodzi chabe mwa olandira. Zikatembenuka, mwana n'kuyamba ndiye kumwalira, zimaipa koposa. Lamulo lomwelo limaletsa kulanda chuma cha masiye, koma limateteza katundu wa womwalirayo, ndipo nyumbayi sinakhalepo yake. Mayi wamasiye ndi ana ake angachotsedwe ndi alamu ake popanda wina kuoneka wophwanya lamulo. Zimene dziko linaletsa poyera zimachitika kudzera pa pepala limene linalembedwa poopa chinthu china.

Malo oyenera kukambira zonsezi tili nawo kale, kungoti sitiwagwiritsa ntchito. Ankhoswe amasinthana nkhuku pa chinkhoswe, amalangiza za ulemu ndi kupirira, ndipo ndi iwo amene amadzaitanidwa banja likafika pothera; koma za nyumba amazimva tsiku la mlandu, pamene aliyense akukumbukira zomukomera. Kholo lofuna kupereka nyumba kwa mwana wake yekha linene zimenezi pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri makiyi asanaperekedwe, ndipo zilembedwe: dzina limene lili pa chikalata, ndalama zimene makolo aikapo, mmene zowonjezera za mpongozi zidzawerengedwere, kumene adzukulu adzakhale banja likatha kapena mmodzi akamwalira. Kenako pepalalo lipite kwa loya ndi ku ofesi ya za malo, kuti lisathere m'mawu. Alipo makolo amene adzapeze kuti mawu amenewa sangatuluke pakamwa pawo pamaso pa akuchikazi kapena akuchimuna, poopa kuoneka oumira. Otere ali ndi njira ina yosanamiza munthu. Nyumbayo ikhale yawo poyera, aiike pa lendi, ailembe mu wilo mmene akufunira, ndipo ndalama za lendiyo azithandizira nazo achinyamatawo kugula puloti yawoyawo, yolembedwa maina onse awiri.